Zikomo anthu anga a ku Mocuba ndi akwathu kuno ku Mulanje

Abale ndi alongo, kontilakiti yanga ya ku Mozambique yatha ndipo ndabwerera kwathu kuno ku Mulanje ndili wamoyo, ndili bwinobwino. Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti zinayenda bwanji, nde ndati ndilembe kamodzi pano ndithokoze onse, chifukwa anthu amene anandigwira dzanja ndi ambiri zedi ndipo ena mwa iwo sadziwa n'komwe kuti anandithandiza. Ulemu woyamba upite kwa Chauta amene anandisunga m'dziko la eni.

Kwa amene simukudziwa, ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayiveti ku Mocuba m'chigawo cha Zambezia, ukatuluka pa Muloza n'kulowa Milange umayendabe pafupifupi makilomita 200. Anandilemba ntchito yophunzitsa ana Chingerezi basi, za akuluakulu munalibemo. Zinayamba zokha mu sitafu, wina kubwera ndi fomu ya maphunziro yolembedwa m'Chingerezi kuti ndimuwerengere, wina kalata yofunsira ntchito, wina akufuna adziwe zoyankha pa intavyu, mpakana a Director anati mmalo momamutopetsa Teacher mmodzimmodzi bwanji tingokhala ndi kalasi ana akaweruka.

A Director, ndiyambe ndi inu bambo. Munatipatsa chipinda, choko ndi fotokope, koma chimene sindidzaiwala ndi choti tsiku loyamba munabwera ndi kope lanu n'kukhala pa desiki ya kutsogolo, ndipo munkalakwitsa pamaso pa anthu amene mumawalamulira n'kubwerezanso mpaka mutakhoza. Ine zimene ndaona, munthu wamkulu salephera chilankhulo chifukwa cha mutu ayi, chimamumanga ndi manyazi. Mphunzitsi amene wakhala zaka akuimirira kutsogolo kwa bolodi kuti atsegule pakamwa n'kumachita chibwibwi ngati mwana wa sitandade 1 si chinthu chapafupi. Inu mutayamba, wina aliyense analibenso chobisalira.

Aphunzitsi anzanga, inu nde munandilimbitsa mtima. Munthu waphunzitsa kuyambira m'mawa, dzuwa la ku Mocuba mukulidziwa mmene limaotchera, njala yamugwira, kunyumba ana akudikira, koma akutsalira kuti aphunzire. Ndimamvetsa chifukwa chake. Dziko lanu limayendera Chipwitikizi koma lazunguliridwa ndi Malawi, Zambia, Zimbabwe, Tanzania, South Africa ndi Eswatini, konseko mapepala amayenda m'Chingerezi, ndipo Mozambique inalowa mu Commonwealth mu 1995 ngakhale siinalamulidwepo ndi Angerezi. Ntchito za m'mabungwe, za ku migodi ya malasha ku Tete, za ku doko la Nacala, zambiri zimafuna munthu woti atha kulemba imelo ndi kuyankha foni m'Chingerezi. Nde simunkabwera kudzacheza. Usiku foni yanga inkangolira mavoisi noti, Teacher tamverani ngati ndatchula bwino, Teacher chiganizo ichi chili bwanji. Sindinatope nawo olo tsiku limodzi. Komanso ndinu amene munandiphunzitsa Chipwitikizi changa chomwe ndabwera nachochi, munkandikonza mwaulemu, munkandiperekeza ku ofesi za mapepala n'kundiyankhulira.

Kalasi ya makolo ya Loweruka m'mawa nde inali ina. Inayamba chifukwa azimayi ena anadandaula pa msonkhano kuti ana akubwera ndi homuweki yoti iwo sangaione n'komwe ngati yalembedwa kapena ayi. Kenako kunabwera azimayi a geni opita ku Joni kukaoda katundu, madalaivala a mathiraki, ndi ena amene amabwera kuno ku Malawi kuchipatala n'kubwerera ndi buku lolembedwa zinthu zoti sakuzimva. Anthu ngati amenewa sungawayambe ndi galamala, amathawa. Tinkagwiritsa ntchito zinthu zimene akumana nazo mkati mwa sabata, bokosi la mankhwala, fomu ya pa boda, lisiti, uthenga wa pa foni, lipoti la mwana. Wina akhale nesi wina wodwala, wina akhale ofisala wa pa chipata wina wapaulendo, kenako asinthane. Tsiku limene mayi wina anawerenga yekha kamwedwe ka mankhwala a mwana wake osafunsa munthu, kalasi yonse inalulutira.

Chimene chinandipulumutsa m'kalasi imeneyi ndi Chilomwe cha agogo anga, mzimu wawo uuse mumtendere. Kuno kwathu ambirife tinachitaya, timachikumbukira mu Okutobala tikapita ku Mulhako ku Chonde basi, koma kumeneko anthu amachiyankhula tsiku ndi tsiku pamodzi ndi Chichuwabo. Chipwitikizi chikandithera ndinkatembenukira ku Chilomwe, anthu n'kumva, ndipo azimayi anasiya kundiona ngati mlendo, anayamba kunditchula mwana wakwathu. Anzanga a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, ana athu tisawamane chilankhulochi chonde.

Panalinso makolo ena amene anakulira kuno nthawi ya nkhondo, muja anthu pafupifupi miliyoni anathawira ku Malawi mtendere usanasainidwe ku Rome mu 1992. Bambo wina anandiuza kuti anaphunzira mpaka sitandade 4 kufupi ndi Muloza, Chichewa amachiyankhula ngati wa pa Limbuli, ndipo ankakumbukirabe timanyimbo ta Chingerezi ta ku pulayimale. Iyeyu ndi amene ankandimasulira zikavuta. Ankakonda kunena kuti a Malawi munatidyetsa tili opanda kanthu. Bambo, ngati panali ngongole munaibweza mopitirira.

Ndikunena choncho chifukwa cha Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anatera kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi, ife ku Mocuba tinaona mphepo ndi mvula yake, magetsi kuzima, mtsinje wa Licungo kudzadza anthu n'kumakumbukira za 2015 pamene unadula mlatho. Kenako tinamva kuti walowa ku Malawi, kuti napolo watsika m'phiri la Mulanje, kuti Ruo wasefukira, ku Muloza madzi okhaokha, ku Phalombe midzi yakwiririka, ku Chilobwe ku Blantyre maliro osawerengeka. Ine ana anga, amayi anga ndi bambo a kunyumba onse ali kuno, foni sizikulowa. Masiku amenewo sindinkadya, sindinkagona, ndinkangoimba nambala zomwezo. Azimayi a kalasi ya Loweruka ankasinthana kudzagona kunyumba kwanga kuti ndisakhale ndekha, ena kubwera ndi phala, ena kungokhala nane pa mkeka kupemphera, Akatolika, Asilamu, onse. Aphunzitsi anzanga anagawana mapiriyodi anga osandiuza n'komwe.

Uthenga utafika unali woti ana ndi makolo ali moyo, koma khoma la nyumba lagwa, munda wonse wa chimanga wapita, ndipo msuweni wanga ndi mwana wake anakokoloka. Dziko lathu linataya anthu oposa 1,000, ambiri sanapezeke mpaka lero, ndipo awiriwa ali m'gulu limenelo. Anthu a ku Mocuba, amene nawonso madenga awo anali atasasuka, anasonkha ufa, nyemba, zitenje ndi ma meticais awo ochepawo. Bambo uja wa ku Muloza, njira itangoyamba kudutsika, ananditenga pa galimoto yake mpaka ku Milange osalandira olo kobiri la mafuta. Mu envulopu ya chipepeso munali makalata olembedwa m'Chingerezi ndi anthu a m'kalasi mwanga, aliyense ndi dzanja lake, ena mizere iwiri yokha. Ndinawaphunzitsa kulemba kalata poganiza za ntchito ndi ma fomu, sindinkadziwa kuti yoyamba adzalembera ine pa maliro. Ndinawasunga onse.

Akwathu kuno, amayi anga, zikomo mayi. Munalera adzukulu anu pa ukalamba wanu, kuwadzutsa, kuwaphikira, kuthamanga nawo kuchipatala malungo akawagwira, ndipo usiku wa madzi uja munawatulutsa m'nyumba khoma lisanagwe. Bambo a ana anga, anthu ankayankhula zambiri kuti mwamuna angalole bwanji mkazi kukagwira ntchito kunja iye n'kutsala, inu munangotseka makutu n'kumanditumizira zithunzi za malipoti a ana. Nyumba munaimanganso ndi manja anu. Amalume, zikomo poyendetsa mwambo wa maliro opanda mtembo aja ndi kugwirizanitsa mbumba pamene tonse mitu inali itaima. Amayi a Mvano a ku mpingo kwathu, anzanga a banki m'khonde amene munandidikira osandiwerengera chiwongoladzanja miyezi imene zinthu zinavuta, anyamata a kabaza a pa boda amene munkanyamula timakatundu tanga popanda kusowa kanthu, Mulungu akudalitseni nonse.

Ndithokozenso aphunzitsi anga a Chingerezi a ku sekondale ya masana kuno kwathu, amene ankatikakamiza kuyankhula ngakhale tikuphotchola, ankati popanda Chingerezi satifiketi ya MSCE simudzaiona. Njira zambiri zimene ndinkagwiritsa ntchito ku Mocuba ndi zawo. Ndipo aphunzitsi anzanga a kuno, tisamadziderere, Chingerezi chimene tinaphunzira pansi pa mitengochi chili ndi msika kungowoloka Muloza pompa, bola mapepala akhale olongosoka musananyamuke, kontilakiti yolembedwa ndi chilolezo chogwirira ntchito, osangodalira lonjezo la pakamwa.

Kalasi sinathe ayi. Aphunzitsi awiri amene anayamba nane osatha olo kupereka moni ndi amene aitenga, wina ya aphunzitsi wina ya makolo, ndipo ine ndiziwathandiza pa WhatsApp. Chimene akusowa kwambiri ndi mabuku. Nde amene muli ndi mabuku akale a Chingerezi a ku pulayimale, timabuku ta nthano kapena dikishonale yongokhala m'katoni, mundiuze ndidzatenga ndekha, kaya muli pa Chitakale, pa Limbuli kapena ku Luchenza. Pali dalaivala amene amapita ku Mocuba mwezi ndi mwezi wavomera kale kuwanyamula ulere.