Zikomo akwayamasitala, zikomo mayi a pa piyano

Loweruka lapitali tinaimba konsati yomaliza ndi anthu awiri amene agwira kwaya yathu kwa zaka zoposa 20, akwayamasitala ndi mayi amene amatiimbira piyano. Onse awiri akupuma. Anzanga a alto anandisankha kuti ndilankhule m'malo mwawo, koma nditaimirira mawu anandithawa, ndinangoti zikomo n'kukhala pansi. Lero ndilembe zimene zinakana kutuluka tsiku lija.

Ndiyambe ndi inu akwayamasitala. Munayamba ngati woimba tenor wamba, woima kumbuyo, ndipo mumanena nokha kuti munapezeka kutsogolo chifukwa wotsogolera wakale anadwala konsati itayandikira. Masana munkaphunzitsa kusukulu, madzulo n'kubwera kudzalimbana nafe. Ambirife munatipeza tisakudziwa kuwerenga manotsi a pa mizere isanu, koma simunatichititse manyazi. Munatiyambitsa ndi sol-fa, do re mi uja, njira imene Sarah Glover anayala maziko ake ku Norwich ndipo John Curwen anaifalitsa ku England kuyambira m'ma 1840 kuti anthu wamba aziimba kuchokera papepala. Ubwino wake, munkatero, ndi woti do amasuntha: nyimbo ikwezedwe kapena itsitsidwe, mtunda wochoka pa do kufika pa so susintha. Khutu litazolowera, munatisamutsira pa mizere ija tisakuzindikira n'komwe.

Omvera amangoona msana wanu, ife ndiye timaona nkhope. Dzanja lamanja limasunga nthawi, lamanzere limatiuza kuti tikweze kapena tichepetse mawu, nsidze zimadzudzula a besi akayamba kukoka. Koma chimene ndinachedwa kuchizindikira ndi kupuma kwanu. Mumakoka mpweya tisanalowe, ndipo tonse timakoka nanu osadziwa. Pa nyimbo zopanda chida munkatidikira tifike kumapeto, kenako n'kupempha mayi agunde kiyi imene tinayambira. Manyazi ake! Tinkapezeka titatsika, chifukwa anthu akatopa mpweya suchirikiza mawu, ndiponso nyimbo ikamatsetsereka timaponda masitepe aakulu kuposa olembedwa. Munatibwereza mpaka tinayamba kudzimva tokha.

Tsopano inu mayi, amene dzina lanu limalembedwa pansi pa pulogalamu ndi zilembo zing'onozing'ono. Munayamba muli mtsikana, kuimba ogani kutchalitchi miyendo isanafike bwino pansi, kenako mwakhala mukuphunzitsa ana piyano zaka zonsezi. Anthu amayesa kuti woimbira kwaya amangotsatira. Akanabwera ku pulakatisi akanaona. Mumawerenga mizere inayi nthawi imodzi, soprano, alto, tenor ndi besi, mukukumbukira kuti mzere wa tenor umamveka pansi kuposa mmene walembedwera. Gulu limodzi likasochera, mumalimbitsa mzere wawo wokha mpaka abwerere. Akwayamasitala akaona kuti a soprano atopa n'kunena kuti titsitse pang'ono, inu mumasamutsa nyimbo yonse pomwepo, pepala likunena zina, zala zikuchita zina. Ndinayesapo kamodzi kunyumba ndi nyimbo ya ana, ndinalephera mzere woyamba womwe.

Chaka chimene tinaimba Messiah ndi chimene ndinadziwa kulemera kwa ntchito yanu. Wopeka nyimbo Handel anailemba nyimbo yaikuluyi mu 1741, inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, ndipo anailembera gulu la zida, mavayolini, malipenga ndi ng'oma. Ife tinalibe ndalama ya zonsezo. Tinali ndi inu, zala khumi pa makiyi 88. Ndinapatsidwa gawo limodzi la alto loimba ndekha, ndipo pakati pake mantha anandigwira, ndinalowa msanga n'kudumpha mabala awiri, timagawo tating'ono ta nyimbo papepala. Mtima unangoti thi. Koma pansi pa mawu anga piyano inalipo, pa malo enieni amene ndinagwera. Munadumpha nane. Akwayamasitala anangosintha dzanja n'kutitsatira, ndipo omvera sanadziwe kanthu. Titatha ndinabwera kudzapepesa, inu munangondifunsa ngati ndamwa madzi. Nkhaniyi simunaiuze munthu. Ndikuiulula ndekha lero.

Mu 2020, Covid-19 atatiletsa kusonkhana, kwaya inatsala pang'ono kufa. Matendawa amayenda ndi mpweya, ndiye kuimba pagulu kunali koopsa. Tinayesa Zoom, koma mawu amachedwa kufika, aliyense pa nthawi yake, moti kuimba limodzi sikutheka. Inu mayi munkajambula gawo lililonse palokha pa foni n'kutitumizira pa WhatsApp, mukuwerenga nthawi ndi pakamwa tisanalowe. Akwayamasitala munkaimbira foni mmodzimmodzi, makamaka achikulire, ndipo nthawi zambiri nyimbo simunkaitchula n'komwe. Titabwerera, mipando ina inali yopanda eni ake. Tsiku limenelo simunatiphunzitse kanthu, tinangoimba nyimbo imene onse tinkaidziwa pamtima.

Ndisaname kuti munkagwirizana pa zonse. Za liwiro la nyimbo munkakangana pamaso pathu, wina akuti ikuthamanga, wina akuti ikugona, ife titaweramira mapepala kubisa kuseka. Ine ndimaona kuti nthawi zambiri mayi ndi amene ankalondola, ndipo akwayamasitala, mundikhululukire, ndikhulupirira kuti inunso mumadziwa. Koma pa konsati panalibe mkangano. Mumangoyang'anizana kamodzi, nyimbo n'kuyamba.

Ndithokozenso mabanja anu, amene anakubwereketsani kwa ife madzulo osawerengeka, ndi ana asukulu a mayi amene ankakhala pambali n'kumatembenuza masamba.

Lachiwiri likubwerali tiyamba pulakatisi ndi atsopano, onse awiri ophunzira anu. Dzulo ndinapita kukasanja mabuku amene mayi atisiyira m'kabati, ndipo ndinatsegula la Messiah pa tsamba lija. Pamwamba pa mabala awiri aja pali bwalo la pensulo, pambali pake chilembo choyamba cha dzina langa ndi mawu awiri: amathamanga apa. Mayi, akuti munalemba zimenezo pa pulakatisi, konsati isanafike.