Vayolini ya ku Spain yandisowetsa tulo sabata yonse

Lolemba m'mawa ndikumwa tiyi foni kulira WhatsApp, mkwatibwi wa ukwati wa Loweruka womwe ine ndinali DJ wake. Akuti achimwene polowa muholo ife sitikufuna zimene aliyense amalowera zija, tikufuna iyi, nkutumiza voice note ya vayolini ikuthamanga ngati ikuthawa galu. Mtsikanayu anaphunzirako ku Spain ndiye anaimvera konko. Ndinangoti palibe vuto chemwali, chonsecho mumtima ndikuti kaya.

Nyimboyo ndi Zapateado ya Pablo de Sarasate, mkulu wa ku Pamplona amene anabadwa 1844 nkumwalira 1908, ili mu Op. 23 ya magule ake achi Spain aja. Dzinalo likuchokera ku zapato, nsapato, ndi gule womenya nsapato pansi basi. Zomwe amafuna eni ukwati ndi zoti akwati alowe ndi vayoliniyo kenako popanda kuduka ndilowetse amapiano kuti operekeza ayambe masitepe awo. Kunena nkosavuta.

Lachiwiri ndinaiponya mu Rekordbox, pulogalamu ya ma DJ, kuti iwerenge kiyi ndi liwiro lake. Kiyi inapeza bwinobwino, A major, pa Camelot, manambala a makiyi omwe ma DJ timaonera nyimbo zogwirizana, ndi 11B, ndiye anzake oyenda nawo ndi 10B, 12B ndi 11A yomwe ndi F sharp minor. Apo ndinasangalala chifukwa nyimbo za 11A ndili nazo zambiri. Koma BPM, liwiro la nyimbo lija, eee. Mizere ya grid yosonyeza pogunda bit inangogwa paliponse, poyamba ikugwirizana ndi bit, pakangopita masekondi khumi yasemphana kale. Ndinayesa pulogalamu ina, Serato, nayo kundipatsa nambala ina. Vuto si pulogalamu ayi, woyimba vayolini alibe metronome, kamakina kosunga liwiro, m'khutu, akafika pokoma amakoka pang'ono, akafika pothamanga amathawa, wapiyano nkumangomutsatira pambuyo ngati mwana wotumidwa kumsika. Komanso nyimboyi ili mu 6/8, kugunda kulikonse kuli ndi tizidutswa titatu, pomwe amapiano ndi 4/4 cha m'ma 112 BPM. Ukaziphatikiza zimamveka ngati anthu awiri akusinja mumtondo umodzi koma wina akuchedwa.

Lachitatu ndi tsiku lomwe ndinataya. Ndinakhala pa laputopu kuyambira 9 koloko kuika ma warp marker, tizizindikiro towongolera liwiro, mu pulogalamu ya Ableton mmodzimmodzi kuti vayolini iyende molunjika ngati msilikali. Inalunjikadi koma kukoma konse kunathawa. Pali malo ena pomwe Sarasate analemba timanotsi tapamwamba kwambiri tomveka ngati likhweru, ndi pena pomwe woyimba amakodola zingwe ndi chala cha dzanja lamanzere uta ukuyendabe, malo amenewo ukangowakoka ndi key lock, ija yogwira kiyi kuti isasunthe ukamasintha liwiro, amayamba kunjenjemera ngati wailesi ya mabatire akutha. Ndinachotsa key lock, basi kiyi nkusuntha. Paja ukakweza pitch ndi 6% wakwera semitone imodzi, sitepe imodzi pa kiyibodi, 11B ija yasanduka 6B, B flat major, nyimbo zonse ndinasankha dzulo lake zija sizikugwiranso. Magetsi nawo anathima cha m'ma 3 ndisanaseve. Ndinangotseka laputopu nkupita kukagula chiwaya.

Chinanso chomwe chinandidabwitsa Lachinayi, ndinapeza recording ina yabwino ndithu, pulogalamu ikuti 11B yomweyo koma ndikaika pamwamba pa nyimbo ya 11A pakumveka kakuwawa kenakake m'khutu. Ndinayimbira mdala wina amene amayimba kiyibodi kutchalitchi kwathu, anabwera madzulo nkumvera pa hedifoni kamodzi kokha. Akuti iwe, awa sanachune noti ya A pa 440 Hz monga mwa nthawi zonse, ku Ulaya ambiri amachuna A wawo pa 442 kapena 443. Kasiyanidwe kochepa zedi koma vayolini ikakoka noti yaitali pamwamba pa ma pad, ma chord okoka a kiyibodi aja, kamaonekera poyera. Ndinatsitsa ma cent ochepa, tizigawo ta semitone, kuwawa kuja zii. Camelot imangokuuza khomo, zamkatimo ndi khutu lako.

Mdala yemweyo ndi amene anandipulumutsa. Akumvera anayamba kuwomba m'manja mwa kwaya, ta-ta-ta ta-ta-ta, nkuseka, akuti ukuvutikiranji ndi amapiano pomwe 6/8 yadzadza m'nyimbo zathu za kwaya. Zoonadi amayi a chigwirizano akamayimba akuvina kugunda kwake ndi komweko kwa patatupatatu. Ndinafufuza mufoda ya gospel nkupeza ina ya D major, 10B, khomo loyandikana. Sindinaiwongolenso vayolini, ndinaisiya ithamange mmene ikufunira mpaka chord yomaliza, pomwepo echo pang'ono, ng'oma za kwaya nkulowa zokha. Amapiano ndinaakankhira kutsogolo, nyimbo yachitatu, anthu atatenthedwa kale.

Lachisanu kunali rihesalo, mkwatibwi anakwinya kaye nkhope atamva kuti amapiano sakubwera pompo, ndinangoti chemwali tamverani kaye kawiri. Kachiwiriko mayi ake anali ataimirira kale chitenje m'chiuno. Vuto linatsala ndi loti Zapateado ndi yothamanga, munthu wovala veil sangayende nayo, ndiye tinagwirizana kuti aziponda sitepe imodzi pa bar iliyonse osati kugunda kulikonse.

Loweruka holo inali ndi malata opanda siling'i, timanotsi ta likhweru tija timabaya m'makutu moti ndinachepetsa ma high pa mikisa kuposa mmene ndimachitira. MC anayamba kulankhula pakati pa vayolini, ndinamuyang'ana diso limodzi nkusiya yekha. Nyimbo ya kwaya italowa nthungululu holo yonse, ankolo ena anayamba kuponya ndalama perekaniperekani isanakwane nkomwe. Balansi yanga akuti andipatsa Lachiwiri, ndipo pali kale wina wanditumizira uthenga kuti akufuna Zigeunerweisen pa ukwati wake wa mwezi wamawa, ija imayamba mu C minor mwapang'onopang'ono nkukathera mu A minor ikuthamanga, 5A kupita 8A munyimbo imodzi. Sindinamuyankhebe.