Sabata ya ma aptamer mu labu yathu

Lolemba magetsi anathima m'mawa, jenereta n'kuchedwa kulira, tonse maso ali pa furiji. M'menemo ndi momwe timasunga ma antibody, mapuloteni amene timayezera CD4 ya anthu amene ali ndi HIV, ndipo safuna kutentha kopitirira madigiri 8. Ndi dzuwa la Okutobala mu Blantyre muno, mtima sukhala m'malo. Munthu amene CD4 yake yatsika kufika pansi pa 200 amayenera kuyezedwa msanga TB ndi cryptococcus (fangasi woyambitsa matenda oumitsa khosi), choncho zoyezera zikawonongeka wovutika ndi wodwala ali pabenchi uja.

Lachitatu tinatsegula aptamer yomwe anzathu akunja anatitumizira, kuti tione ngati ingagwire ntchito ya antibody popanda furiji. Inabwera youma m'kachubu kakang'ono, mu envelopu wamba, popanda ayezi. Ndi kachingwe kafupi ka DNA komwe kamadzipinda n'kugwira puloteni imodzi yokha. Yathuyi imagwira interferon gamma, yomwe maselo a chitetezo cha mthupi amatulutsa akakumana ndi tizilombo ta TB. Tizingwe totere sitichokera m'thupi la nyama ngati ma antibody ambiri. Amatisankha mu chubu pakati pa tinzake miyandamiyanda, mwa njira ya SELEX yomwe Tuerk ndi Gold anafalitsa mu 1990. Tinaisungunula, kuitenthetsa mpaka madigiri 95, n'kuisiya izizire kuti ipindikenso bwino. Antibody mutaichita zimenezo yatheratu, ngati dzira lowiritsa.

Mu buffer, madzi amchere oyesera zinthu mu labu, inagwira mosangalatsa. Lachinayi titaiika mu seramu, madzi a m'magazi, zinthu zinatembenuka: ma nuclease, mapuloteni a m'magazi odula DNA, anaiduladula, pa gel yomwe timaonerapo DNA n'kungotsala kamzere kozilala.

Mtsikana wina wophunzira ntchito anandifunsa, "Madamu, nanga odwala amawapatsa bwanji ngati magazi akuidya chonchi?"

Ndinamuuza kuti opanga mankhwala amasintha ma nucleotide ena (timagawo topanga kachingweko) kuti asadulike, n'kumangirirapo molekyu yaikulu yotchedwa PEG kuti impso zisaisefe msanga. Ngakhale atero, onani mankhwala awiri a aptamer amene anavomerezedwa ku America: pegaptanib mu 2004, ndi avacincaptad pegol mu 2023, yomwe imatsekereza complement C5, puloteni ya chitetezo cha mthupi. Onse awiri anapangidwa kuti azibayidwa m'diso momwemo, osati mumtsempha.

Ine za kuchiza sindikuziika patsogolo. Chomwe chingatithandize kuno ndi choyezera chopirira kutentha, choti chikwere njinga yamoto mpaka ku Chikwawa popanda bokosi la ayezi. Lachisanu ndinalembera anzathu aja kuti atitumizire ina yotetezedwa kunsonga zonse ziwiri, tiyesenso mu seramu.