Mbewa inandivula buluku pamaso pa apongozi

Ine ndinabadwira ku Kawale, ndinakulira ku Kawale, ndipo kufikira chaka chatha nyama yaikulu yomwe ndinali nditaphapo ndi manja angawa inali mphemvu. Nkhuku ya pa Khirisimasi kwathu amazinga ndi mayi a kunyumba, ine nthawi imeneyo ndimakhala ndapita kukagula Fanta. Ndiye musandifunse chomwe chinandilowa tsiku lija pamsonkhano wa kalabu yathu, pomwe ndinaimika dzanja n'kunena molimba mtima kuti, "Za ulenje zisiyireni ine."

Kalabuyi ndi ya anyamata ndi atsikana a m'dera lathu, a zaka 12 mpaka 17. Akuluakulufe timangodzipereka, palibe alawansi, ngakhale ya sopo. Loweruka lina timakakwera phiri la Bunda, lina timakadzala mitengo m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, bola ana asamangokhalira kudinadina mafoni. Tsikulo a tcheya anadandaula kuti ana a m'tauni satha kusiyanitsa mbewa ndi khoswe, diwa sanalionepo, legeni amagula yopangapanga pamsika. Pankafunika wina wowaphunzitsa kusaka. Anzanga onse anangoti zyoli. Ine ndinayamba kusimba za agogo anga, momwe ankatsogolera liwamba, agalu khumi patsogolo, uta uli paphewa. Agogowo analipodi, koma anali telala wa pakhonde ku Mchesi.

A tcheya anandichenjeza pomwepo. Za gwape ndi nguluwe ndiiwale. Lamulo loteteza nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, moti wopezeka ndi ngaka kapena minyanga ya njovu atha kukaseweza mpaka zaka 30. Ku Dzalanyama tisayerekeze n'komwe, ndi nkhalango yotetezedwa, ndiponso ndi komwe kumachokera madzi amene timamwa mumzinda muno. Kutentha tchire ayi. Chotsala chinali mbewa basi, m'munda wa munthu, mwini wake atalola. Mumtima ndinapumira m'mwamba. Mbewa? Kanthu kokwana m'thumba la malaya? Ndinawauza kuti munda ulipo, kwawo kwa akazi anga, kupitirira Mitundu pang'ono.

Lachisanu ndinatsikira kumsika wa Tsoka kukasankha buluku wa kaunjika, wamawangamawanga ngati wa asilikali, matumba asanu ndi limodzi, miyendo yake yotakata ngati thumba la feteleza. Usiku ndinatsegula YouTube kuti ndiphunzire ntchito, koma ndinangopeza azungu ali ndi mfuti m'chipale chofewa, mpaka bandulo inatha. Mayi a kunyumba anandiyang'ana ndikuyesa bulukuyo pagalasi.

"Abambo, kwathu mbewa amakumba ndi ana osavala n'komwe nsapato. Inu mukupita kunkhondo iti?"

Sindinayankhe. Mlenje salongolola.

Unali mwezi wa July, mwera ukuomba, minda ili mbee, mapesi okhaokha. Tinakwera minibasi ya ku Mitundu ndi ana 14, kotsalako tinayenda wapansi. Kumudzi anatilandira amalume awo a akazi anga, amene anatibwereka makasu ndi zibonga. Apongozi anga aakazi anandipatsa moni monga mwa nthawi zonse, atagwada kuseri kwa nkhokwe, nane nditanjuta uku ndikuyang'ana kumbali. Zaka 11 tili m'banja, sitinayang'anizanepo m'maso, sitinadyerepo pamodzi. Zimenezi muzisunge, zibweranso.

Kumunda ndinawaimika ana pamzere. Ndinalankhula kwa mphindi 20 za kudekha, za kuwerenga mphepo, za mtima wa mlenje. Atsikana awiri ankalemba m'kope. Kenako ndinaloza una woyamba womwe ndinauona, waukulu bwino, n'kulavulira m'manja monga ndinkaonera anthu akuchitira.

Dothi la July si la masewera. Khasu linkangodumpha, thukuta kamukamu, matuza anatuluka ndisanafike pena paliponse. Patatha pafupifupi ola, dzenje litafika m'maondo, tinapeza mwini nyumba: chule wotuwa, wofota, amene anandiyang'ana ngati ndam'dzutsa kuti alipire lendi.

Pagulupo panali kamnyamata kena kachete, kamene kanabwera m'tauni chaka chomwecho kudzakhala ndi azakhali ake. Anzake ankangokatcha Wakumudzi, ndipo nthawi zambiri kankayenda pambuyo penipeni. Kanayandikira, manja kumbuyo.

"Ankolo, una umenewo ndi wakale. Pakhomo panali ukonde wa kangaude."

"Eya," ndinatero ndikupukuta thukuta, "ndimafuna ndione ngati pali amene akutsatira."

Kanatitsogolera pamzere wina wa mtedza n'kugwada. Apa ndiye panali sukulu. Kanatisonyeza dothi lofewa limene langofukulidwa kumene, timapazi ting'onoting'ono pafumbi, makoko a mtedza otekedwa, ndi kanjira kosalala kolowera m'udzu. Kanati dzanja salowetsa kuuna, umayamba wapisa kamtengo, chifukwa njoka nazo zimachita lendi m'menemo. Kanati ukamakumba una n'kungothera panjira usanyamuke msanga, mwina ndi kapuku, amene amadzitsekera ndi dothi n'kugona mkati atanona, ndipo pa mbewa zonse palibe yom'posa mafuta. Kanatchula mende, kanatchula sakhwi wa mphuno yaitali, kanatchula bwampini amene kukula kwake amachita kusowetsa mtendere agalu. Atsikana aja anatsegula tsamba latsopano.

Chachikulu kanati ndi mbuli. Mbewa simanga nyumba ya khomo limodzi. Imakumba njira ina yokwera m'mwamba n'kusiya kadothi kopyapyala pamwamba pake, kuti khasu likamayandikira funkha, chisa chake, iyo ingoboola n'kuthawa. Ndiye wina amakumba, wina amadikira pambuli ndi chibonga. Kanayendayenda, kanagogoda pansi ndi chala, n'kuloza pena pake pomwe ine sindinaone kanthu.

Ndinaona kuti udindo ukundipulumuka. Ndinalanda chibonga n'kulengeza kuti pambuli pamafunika munthu wamkulu, wodziwa.

"Ankolo, mumange kaye miyendo ya buluku ndi luzi."

Ndinaseka. Buluku wogula dzulodzulo, ndim'mange luzi ngati thumba la makala? Ndinanjuta, ndipo pofuna kuti mbewa isapeze mpata, ndinanjuta pamwamba penipeni pa mbuliyo, mwendo uku mwendo uku. Mnyamata uja anayamba kukumba, mwakachetechete, khasu likumumvera. Ine ndinatembenukira kwa ana kuti ndipitirize phunziro la kudekha.

Ndinali pa mawu akuti "mlenje weniweni sadzidzimuka" pomwe ndinamva kanthu kofunda, ka zikhadabo, kakukwera mwendo wakumanzere mkati mwa buluku. Kasanafike pabondo, kena kanalowa kumanja.

Abale anga, pali kukuwa kwina kumene munthu sudziwa kuti uli nako. Chibonga chinauluka. Ndinalumpha, ndinapondaponda, ndinadzimenya ntchafu ndi manja onse awiri, koma alendowo m'malo motsika ankangokwera, kufunafuna kotulukira kumene kunalibe, poti lamba ndinali nditamanga zolimba. Fumbi lomwe ndinabutsa, a mudzi woyandikana akanatha kuganiza kuti kwatuluka gule. Ana ena anagwa pansi ndi phwete, ena anathawa poyesa njoka, ndipo mmodzi, amene ndikumudziwa ndipo sindinamukhululukire, anatulutsa foni.

Nzeru yomwe inandibwerera inali imodzi: ndivule. Koma pamaso pa ana a eni ake, atsikana ali pomwepo? Chakumunsi kwa munda, kuyandikira dambo, ndinaona chitsamba chowirira bwino, chokutidwa ndi ziyangoyango. Ndinaliyatsa liwiro. Kumbuyo ndinamva Wakumudzi akukuwa, koyamba chimudziwireni, "Ankolo, uko ayi! Uko ayi!" Ine ndinayesa akundilimbikitsa.

Amene munakulira m'tauni ngati ine, chitedze ndi chomera choyanga, chokhala ndi nyemba zokhotakhota zaubweya wofiirira, zooneka zofewa ngati nsalu ya sofa ya bwana. M'chilimwe zikauma, ubweyawo umachoka ngakhale ndi mphepo chabe. Ine sindinadikire mphepo. Ndinalowa mutu ndi thupi lonse, ndinagwira ziyangoyango kuti ndisagwe, ndinazigwedeza ndikulimbana ndi lamba, mpaka buluku anavuka. Mbewa ziwiri zija zinatsika bwinobwino n'kulowa m'udzu, osatsanzika.

Ndinapuma kamodzi. Kawiri. Kenako moto unayaka.

Kuyabwa kwa chitedze sikufanana ndi kwa udzudzu kapena nsikidzi. Kuli ngati wina wakuthira tsabola wa kambuzi pansi pa khungu n'kukuuza kuti um'chotse ndi zala. Ukakanda pakhosi, pamsana payamba. Ukakanda pamsana, kwayamba kumalo kumene munthu wa ulemu wake sakanda pagulu. Malaya ndinavula, ndinataya. Nsapato imodzi inatsala momwemo. Ndinatulukira mbali ina ya chitsamba ndili ndi kabudula wamkati yekha, uja wamaluwamaluwa amene mayi a kunyumba akhala akundiuza kuti ndim'taye, ndikuthamangira komwe ndinkaona madzi.

Madziwo anali a chitsime cha kudimba. Padimbapo panali amayi asanu akuthirira mpiru ndi tomato. Wachitatu kuchokera kumanzere, kheni ili m'manja, anali apongozi.

Zaka 11 za kupewana zinathera pamenepo. Tinayang'anizana m'maso, ine ndikudumphadumpha ndi nsapato imodzi, manja onse ali kumbuyo. Iwo anaika kheni pansi mwaulemu, anatembenuka, anafunda chitenje kumutu, n'kulankhula kwa mayi woyandikana nawo ngati ine palibe.

"Auzeni akamwini asalowe m'madzi, chimanyanya."

Uthengawo unandipeza ndili kale m'chitsime mpaka m'chiuno. Chinanyanyadi.

Anandivuula ndi amalume aja, amene anabwera akuyenda pang'onopang'ono, atanyamula beseni. Nditaona zomwe zinali m'besenimo ndinayesa kukana, koma iwo anati mankhwala a chitedze amene akuwadziwa ndi amenewo, ndowe zaziwisi za ng'ombe, zongotapa kumene m'khola.

"Akamwini, imani chilili. Kwezani manja."

Anandimata kuyambira m'khosi mpaka kuakakolo ngati akuzira nkhokwe. Pamsana anaitana anyamata awiri a kalabu kuti athandize, ophunzira anga enieni, amene m'mawa womwewo ankanditcha mphunzitsi. Kaya ndi ndowezo, kaya ndi manyazi amene anaposa ululu, koma patapita nthawi moto unayamba kuzirala. Kenako chitenje chinagwa pafupi ndi mapazi anga. Apongozi anachiponya chakumbuyo, osacheuka, ndipo sanaphonye.

Masana onse ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, chitenje chili m'khwapa ngati mayi wochokera kubafa, ndowe zikuuma n'kumang'ambika, ntchentche za mudzi wonse zitandipeza. Chapatali ndinkaona kalabu yanga ikuyenda pambuyo pa Wakumudzi. Anapha mbewa 23. Anawaphunzitsa kutumbula, kuwiritsa ndi mchere, kuziyanika pamoto ndi kuzipana pampani. Anawasonyezanso kutchera diwa: mwala wophwatalala, kamtengo kochirikiza, kachingwe, ndi njere ya chimanga chokazinga. Mtsikana wina amene m'mawa ankanyansidwa ndinamuona akutafuna mutu wa kapuku, maso ali tsinzi. Ine ndinayesako kukuwa malangizo awiri atatu kuchokera pamtengo paja, koma mphepo inkapita kwina.

Madzulo ndinasamba katatu ndi sopo wochapira. Amalume anandibwereka buluku wawo amene anandilekeza m'katumba, ndi malaya a chipani china chimene sindichisapota. Buluku wanga wa matumba asanu ndi limodzi anatsala atakoleka m'chitedze, palibe anadzipereka kukam'tenga. Mu minibasi kondakitala ananunkhiza kawiri n'kufunsa kuti ndani wakweza manyowa osalipira. Ana 14 onse anayang'ana kunja.

Mbewa anagawana okhaokha. Wakumudzi anandipatsa ziwiri, ine ndinakana, ndinati mphunzitsi sadyera ana. Koma titatsika ndinaganiza za nkhope ya mayi a kunyumba, ndiye ndinapatukira kwa mnyamata wina wogulitsa m'mbali mwa msewu n'kugula mpani wathunthu ndi ndalama yomwe ndinasungira mayunitsi a magetsi.

Ndinalowa m'nyumba ndikutsimphina pang'ono, monga achitira alenje, n'kuika mpani patebulo. Mayi a kunyumba anatola mbewa imodzi, anaigogoda patebulo. Inalira ngati kiyi.

"Zauma msanga, abambo. Dzuwa la kwathu lakula chaka chino."

Ndinati kunali mphepo yambiri.

Anagwedeza mutu, anatenga foni yawo n'kuitembenuzira kwa ine. Pagulupu ya WhatsApp ya kubanja kwawo panali munthu wa buluku wamawangamawanga akuvina m'munda, wina atamuikira kale nyimbo. Alamu anga a ku Johannesburg anali atayankha ndi tinkhope toseka mizere itatu.

Loweruka lotsatira a tcheya analengeza kuti maphunziro a ulenje apitirira, mphunzitsi ndi Wakumudzi, ndipo ine andipatsa udindo watsopano woyang'anira zikwama ndi mabotolo a madzi. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

Dzulo apongozi anaimba foni. Monga mwa mwambo sanalankhule ndi ine, analankhula ndi mwana wawo, ine ndikumvera kuchipinda. Akuti chitenje chija ndisavutike kubweza. Akutinso buluku akadali pomwe paja, mphepo ikaomba amavina yekha, ndipo chikolekereni mbuzi zasiya kulowa m'dimba, ndiye akufunsa ngati akamwini ali ndi wina woti akaike mbali ya kumtunda.