Tsiku limene dzina la sukulu ya mwana wanga linatuluka pa TV

Lamlungu, 4 Meyi 2025

Mawu andithera. Ndikulemba izi 1 koloko usiku itadutsa, kukhosi kukuwawa ngati ndameza mchenga, koma tulo palibe. Bambo a ana agona kale, atopa ndi chiwongolero. Ine ndati ndilembe zinthu zisanazizire mumtima.

Ndinadzuka 4 koloko m'mawa kukazinga mandasi. Kuno ku America makolo a osewera ali ndi mwambo woti masewero akatha amayala chakudya pamalo oimika magalimoto, aliyense atabwera ndi chake, kuti ana adye asanakwere basi. Chaka choyamba ndinkachita manyazi, ndinkangogula madzi a m'mabotolo. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kunyamula mandasi m'beseni lovindikira ndi chitenje, ndipo kuyambira pamenepo atsikana aja akangondiona amayang'ana m'manja mwanga. Lero ndinakazinga mabeseni awiri. Tinanyamuka kukadali chisisira, kamvula kakuwaza.

Amene mumawerenga zolemba zangazi mukudziwa kuti chisamba changa chimasewera lacrosse, masewero oponyerana kampira pogwiritsa ntchito ndodo zokhala ndi kaukonde, ku koleji, ndipo chino ndi chaka chake chomaliza. Lero inali ndime yotsiriza ya chikho cha ligi yawo. Nkhani yake ili chonchi. Makoleji akuluakulu amene ali ndi timu ya atsikana ya lacrosse ndi oposa 120, koma mumpikisano wa dziko lonse wa NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji, mumalowa matimu 29 okha. Mwa amenewa, 15 amalowa chifukwa atenga chikho cha ligi yawo, pomwe 14 otsalawo amachita kusankhidwa ndi komiti. Malo 14 amenewo nthawi zambiri amathera kwa matimu a m'maligi amphamvu ngati ACC ndi Big Ten. Ligi yathu ndi yaing'ono, komiti siitiyang'ana n'komwe. Khomo lathu linali limodzi basi, kupambana lero. Tikanagonja, ndodo ya mwana wanga ikanalowa m'chikwama lero lomwe, osatulukanso.

M'galimoto sitinayankhulane zambiri. Maganizo anga anabwerera kutali, tsiku limene mwana wanga anabwera kuchokera kusukulu ali ndi zaka 11 atanyamula ndodo yobwereka yokhala ndi kaukonde kumapeto. Ndinamufunsa kuti, "Chimenecho n'chophera nsomba?" Ndinkafunsa zenizeni, chifukwa ndinali ndisanachionepo. Ine ndinakulira ntchemberembaye pabwalo lafumbi, mizere yojambula ndi phulusa, ndipo ndinkafuna kuti mwana wanga alimbikire masamu basi. Zipangizo zake n'zodula, maulendo ake ndi ambiri, ndipo pabwalo lonse nthawi zambiri mwana wakhungu lakuda amakhala iye yekha. Ndinkaopa kuti amusala. Ndinamukaniza kwa miyezi ingapo. Iye sanalire, sanatsutse. Ankangotuluka madzulo aliwonse n'kumamenyetsa mpira pakhoma la galaja, kuwakha, kumenyetsanso, dzanja lamanja kenako lamanzere, phokoso lija la thi, thi, thi mpaka mdima. Khoma limenelo likadali ndi madontho akuda mpaka lero. Ndi khomalo limene linandigonjetsa.

Masewero ake ambiri a kusekondale sindinawaone. Ndinkakhala kuntchito, kusamalira okalamba, shifiti pamwamba pa shifiti. Zimenezi zimandipwetekabe.

Tinafika pabwalo atsikana akutenthetsa thupi. Ndinamuona patali, tsitsi lake loluka atalimanga ndi kansalu ka mtundu wa timu, kumaso atavala kachitsulo koteteza maso, kamene akavula kamasiya mizere pamasaya. Mkamwa ali ndi kapulasitiki koteteza mano. Zodzitetezera za atsikana n'zomwezi basi. Zipewa zolimba ndi zotchinga mapewa amavala anyamata, chifukwa awo amaloledwa kugundana ndi matupi. Kwa atsikana wovala chipewa mokakamizidwa ndi wapagolo yekha. Koma mpira wake, abale anga, ndi wa labala wolimba ngati mwala, wachikasu, kukula kwake ngati ndimu. Miyendo ya mwana wanga kuyambira Febuluwale mpaka Meyi imakhala ndi mabala ozungulira, ena akuda ena ofiirira.

Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 12, ndipo amasewera zigawo zinayi za mphindi 15. Timu ikagwira mpira ili ndi masekondi 90 oti iponye kugolo, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Chimene chinanditengera nthawi kumvetsa n'chimene amati draw. Atsikana awiri amaima pakati pa bwalo, ndodo zawo zitagundana m'chiuno, mpira utapanidwa pakati pa maukonde awiriwo. Wezulo ikalira amakankhira m'mwamba, mpira n'kuuluka, ndiye kumakhala kulimbirana. Mu ntchemberembaye timasinthana poyambira, wina akamwetsa chigoli mukudziwa kuti nthawi yanu ikubwera. Kuno ayi. Chigoli chilichonse chikalowa amabwerera pa draw, ndipo timu imene ili ndi mtsikana waluso pamenepo ikhoza kumwetsa kanayi kotsatizana inu osaukhudza mpira. N'zimene zinatichitikira m'chigawo choyamba. Tisanakhazikike bwino pamipando tinali titatsalira ndi zigoli zinayi. Mayi wina amene timakhala limodzi masewero onse anandigwira dzanja, dzanja lake lili zii ngati madzi a m'mtsuko.

Mwana wanga amasewera kumbuyo. Dzina lake silimveka pachimkuzamawu, chifukwa samwetsa zigoli. Ntchito yake ndi kumamatira munthu, kuyenda cham'mbuyo mawondo atapinda, ndodo ili m'mwamba, akukuwa kuuza anzake kumene mdani akulowera. Malamulo a kumbuyoko ndi okhwima. Sungangoima pakati pa woponya ndi golo pokhapokha ngati ukulonda munthu pafupi, chifukwa amaopa kuti mpira ungakumenye kumaso. Ukalakwa, mdani amamuimika pamzere wa mamita 8 kuti athamangire kugolo payekha. Lero anamuimbira zimenezi kamodzi m'chigawo chachiwiri ndipo chigoli chinalowa. Ndinamuona akumenya ndodo pansi kamodzi, kenako anatembenuka n'kugunda pachifuwa kuuza wapagolo kuti cholakwa n'chake. Khalidwe limenelo ndi la agogo ake aamuna, sindinamuphunzitse ndine.

Atabwera kopuma zinthu zinasintha. Mphunzitsi anaika mtsikana wa chaka choyamba pa draw, wamtali ngati nsungwi, ndipo anayamba kuudzigwetsera yekha mpira muukonde wake. Tinabweza chimodzi, chachiwiri, kenako tinafanana. Chigawo chomaliza ndinachionera chiimire. Patatsala mphindi ziwiri tinali patsogolo ndi chigoli chimodzi, mpira uli ndi anzathuwo, akuuzunguliza kuseri kwa golo. Mu lacrosse kuseri kwa golo ndi bwalo ndithu, ndipo kumeneko n'kumene zoopsa zimapsera. Mtsikana wawo anatulukira kumanzere n'kuponyera mnzake pakati. Ndodo ya mwana wanga inaukhudza mpirawo pang'ono chabe, n'kugwa pansi. Anthu anayi anauthamangira. Ndinangoona miyendo ndi ndodo, kenako iye anatulukira mbali ina ataweramira kutsogolo, mpira uli muukonde, akuthamanga ngati wapsa ndi moto mpaka kudutsa pakati pa bwalo.

Ndinaimba nthungululu. Sindinaganize, inangotuluka yokha, yaitali ngati ya pachinkhoswe. Azungu amene anali kutsogolo kwanga anatembenuka, ena anayamba kuyesa nawo. Wezulo yomaliza italira atsikana anataya ndodo m'mwamba n'kuunjikana pa wapagolo wawo. Bambo a mwana wanga anakhala pansi, nkhope ataiphimba ndi chipewa.

Pali mtsikana mmodzi amene sanathamange nawo. Ndi mnzake wa mwana wanga wogona naye chipinda chimodzi kuyambira chaka choyamba, amene mtsempha wa m'bondo unaduka mwezi wa Malichi. Anaima pambali ndi ndodo zake zoyendera, atavala yunifomu yonse ngakhale akudziwa kuti salowa. Anzake atatha kukumbatirana anabwerera, awiri anamunyamula n'kupita naye pakati, ndipo chikho chinayamba kuperekedwa m'manja mwake. Makolo ake amakhala kutali, sanathe kubwera. Ndinapita kukamukumbatira, ndinamuuza kuti lero amayi ake ndine. Analira paphewa panga mpaka bulauzi inanyowa. Mandasi oyamba ndinapatsa iye.

Mwana wanga anabwera akununkha thukuta ndi labala wa pabwalo. Anangoti, "Amayi, ndinakumvani." Chichewa chake n'chopotoka, koma mawu amenewo anawatchula bwinobwino.

Tinaimbira agogo ake pa WhatsApp, kumudzi kunali kutada kale chifukwa ali patsogolo ndi maola 6. Mayi anga mpaka lero amati mdzukulu wawo amasewera "mpira wa chipande". Anafunsa kuti, "Nanga masewerowa anayambitsa ndi azungu?" Mwana anayankha yekha kuti ayi agogo, eni ake ndi anthu amene azungu anawapeza kuno, makamaka a Haudenosaunee a kumpoto kwa New York ndi ku Canada, ndipo kwa iwo ndi masewero opatulika, amati anawapatsa ndi Mlengi. Ine ndinawonjezera chimene ndimadziwa kuti chiwasangalatsa, popeza ndi a CCAP: atsikana oyamba kusewera lacrosse anali a sukulu ya St Leonards ku St Andrews, m'dziko la Scotland, mu 1890. Mayi wina amene anaphunzira pasukulu imeneyo, Rosabelle Sinclair, ndi amene anakayambitsa timu ya atsikana ku Baltimore mu 1926. Mayi anga anangoti, "Oho, a ku Scotland omwe aja," kenako anapemphera pafoni pomwepo, ife titaima pakati pa magalimoto maso otsinzina.

Madzulo tinatsatira basi yawo mpaka kukoleji. Nthawi ya 9 koloko usiku ndi imene amalengeza pa TV ndondomeko ya mpikisano wonse. Atsikana anakhala pansi kutsogolo, zipewa za chikho zikadali kumutu, ife makolo titaima kumbuyo. Malo oyamba anapatsa North Carolina, imene chaka chino sinagonjepo ngakhale kamodzi. Achiwiri Boston College, eni chikho, amene chaka chatha anatsalira 6 kwa 0 mundime yotsiriza koma anatembenuza zinthu n'kugonjetsa Northwestern 14 kwa 13. Achitatu Northwestern yomweyo. Matimu atatu amenewa sasewera ndime yoyamba, amangodikira. Matimu 8 apamwamba ndi amene amalandira alendo pamabwalo awo.

Tinkadziwa kuti dzina lathu lituluka, koma kudikirako kunali kowawa. Mayina ankabwera awiriawiri, chipinda chili chete. Kenako chizindikiro cha sukulu yathu chinaoneka, ndipo chipinda chinaphulika. Wina anagwetsa mpando. Mwana wanga sanalumphe. Anakhala pomwepo atagwira pakamwa, akuyang'ana TV ngati akuopa kuti dzinalo lifufutika.

Tisewera Lachisanu pa 9 Meyi, pabwalo la eni ake, ulendo wa tsiku lathunthu pagalimoto. Opambana asewerenso Lamlungu pa 11. Ndime yotsiriza ya dziko lonse idzakhala pa 25 Meyi ku Gillette Stadium ku Foxborough, m'chigawo cha Massachusetts. Sindidzinamiza ayi. Kuyambira 1982 pamene NCAA inayamba mpikisano wa atsikanawu, chikho chimazungulira m'manja mwa masukulu ochepa. Maryland yokha yatenga ka 14, kasanu ndi kawiri kotsatizana kuyambira 1995 mpaka 2001. Northwestern yatenga ka 8, konseko pansi pa mphunzitsi mmodzi, Kelly Amonte Hiller. Timu ngati yathu imalowa aliyense akuyembekeza kuti ituluka tsiku loyamba. Mphunzitsi wathu sanawabisire atsikana zimenezi. Anawauza kuti mawa apume, alembe mayeso awo, Lachiwiri ayambe kuonera mafilimu a adani.

Mayeso omaliza ndi sabata yomweyino, ndipo mabuku anyamula m'basi. Pakatha milungu iwiri avala gauni. Lacrosse ibwerera ku Olympics ku Los Angeles mu 2028, ya osewera 6 mbali iliyonse, koma malo amenewo ndi a atsikana ochepa kwambiri, ndipo mwana wanga akudziwa kuti sali m'gulu limenelo. Ntchito ikumudikira kale mwezi wa Julaye. Ndiye kuyambira pano masewero aliwonse ndi a wafawafa m'njira ziwiri: timu ikagonja yatuluka, ndipo iye zaka 11 za ndodo ija zathera pomwepo. Wezulo imodzi idzalira, sindikudziwa ngati ndi Lachisanu kapena Lamlungu, ndipo ndikufuna idzandipeze ndili pabwalo.

Vuto n'lakuti Lachisanu ndili pa shifiti ya maola 12. Tili m'njira yobwerera ndinatumiza uthenga kwa mnzanga wa ku Ghana amene timagwira limodzi, kumupempha kuti tisinthane, ine ndidzamugwirire Loweruka ziwiri. Ndinapepesa kuti ndamuvutitsa usiku. Pasanathe mphindi zisanu anayankha kuti ndipite, ndipo ndimutumizire zithunzi.

Potsazikana pakhomo la hositelo mwana wanga anandipatsa thumba la zovala zakuda, ngati mmene ankachitira ali wamng'ono. Pamwamba pake panali masokosi amene wavala lero, odzaza ndi timiyala takuda ta labala ta pabwalo lija. Anati ndisawachape ndi zina, akufuna kuvala omwewo Lachisanu. Kenako anabweranso pawindo la galimoto n'kunena kuti, "Amayi, mandasi aja mudzawonjezere, ndipo nthungululu ija musadzadikire kumapeto."

Masokosi ndawanyika m'beseni. Ufa watsala pang'ono, mawa ndikaweruka ndidzera kusitolo.