Mayankho olondola, koma nkhani sakuidziwa

Lachiwiri usiku, Wuhan, ku China

Mtima wanga sunakhazikike chichokereni ku laibulale kuja, ndiye bola ndilembe. Zayambira pa mawu amene mtsikana uja anandiuza, ali phee, osakwiya ngakhale pang'ono: "Xuejie, ine sindikufuna kumvetsa nkhaniyi. Ndikufuna yankho basi."

Ndi mwana wa chaka chachinayi pa yunivesite pano, timaonana mu labu. Amanditchula xuejie monga amachitira ana a kuno kwa mtsikana amene ali patsogolo pawo pasukulu. Kumapeto kwa Disembala akulemba kaoyan, mayeso olowera digiri yachiwiri, ndipo anandipempha pa WeChat kuti ndimuthandize gawo la kumvetsa nkhani pa pepala la Chingerezi. Ndinavomera mwachangu, poganiza kuti tikakhala pansi n'kumawerenga limodzi, ine n'kumamumasulira mawu ovuta.

Ndinamupeza m'masitepe a laibulale, osati m'kati. Nyengo ino masitepe onse ndi odzaza ana okhala pa timipando topinda, aliyense akuloweza zake mokweza, ambiri za ndale, poti nalonso ndi pepala la tsiku loyamba. Kuzizira kwa Wuhan n'kolowa m'mafupa, ndipo kuno kulibe zotenthetsera nyumba za boma zija zimene anzathu a ku Beijing ali nazo. Iye anali atavala jekete lofika m'maondo, botolo la madzi otentha lili pamiyendo, zala zitafiira. Anatulutsa pepala loyeserera, nkhani imodzi ndi mafunso asanu pansi pake. Anayi anakhoza. Ndinamuyamikira, kenako ndinafunsa funso limene kwa ine linali lachibwana: "Nanga nkhaniyi ikukamba za chiyani?"

Anayang'ana pepalalo kwa kanthawi. "Za nyuzipepala, ndikuganiza. Ndi intaneti."

"Zatani nyuzipepalazo?"

Sanadziwe. Ndipo sanachite manyazi kuti sakudziwa, n'zimene zinandizunguza. Anandionetsa njira yake ndi pensulo, mwadongosolo, monga munthu amene waibwereza kambirimbiri. Amayamba ndi mafunso, osati nkhani. M'funso amazunguliza dzina la munthu, chaka, kapena mawu oyamba ndi chilembo chachikulu, n'kukawasaka m'nkhanimo. Akawapeza amawerenga chiganizo chomwecho ndi chotsatira chake, basi. Paliponse pamene pali "but", "however" kapena "yet" amaikapo kabokosi, chifukwa ati yankho limakonda kubisala kutsogolo kwa mawu amenewa. Yankho lokhala ndi "always", "never" kapena "must" amalidula osaliganizira kawiri. Funso lomaliza linali lofunsa maganizo a wolemba pa nkhaniyo, ndipo anasankha loti wolembayo akudzudzula. Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji. Ati mwa mayankho anayi, limodzi linali loti wolembayo alibe nazo ntchito, ndipo limenelo silikhala lolondola, poti munthu wopanda nazo ntchito sangataye nthawi kulemba. Lina linali lonyanyira. Pa awiri otsalawo anawerenga timabokosi take, naona kuti "but" ndi wochuluka.

Nzeru zimenezi n'zenizeni, sindikuzinyoza. Mwanayu ndi wochenjera kwambiri. Koma ine m'kati mwanga munali ngati mukuwira.

Nkhaniyo inali ya nyuzipepala za m'matauni ang'onoang'ono zimene zikutsekedwa chifukwa ndalama za otsatsa malonda zapita ku makampani akuluakulu a pa intaneti. Funso limene analakwa linachokera m'ndime yachinayi, momwe munali chiganizo chimodzi cha mizere isanu. Ndinati tiyeni tichiwerenge chimenechi chokha, tisathamange. Anapumira m'mwamba, koma mwaulemu anasendeza kampando kake pafupi.

Apa ndi pomwe ndinaona ndi maso anga chimene chimavuta anthu olankhula Chitchaina, chimene kale ndinkangochimva. Mawu onse a m'chiganizomo ankawadziwa. Mndandanda wa mayeso amenewa uli ndi mawu pafupifupi 5,500 ndipo iye wauloweza pa foni mpaka kutopa. Ndinkaloza liwu lililonse, iye n'kunena tanthauzo lake nthawi yomweyo. Koma nditafunsa kuti mwininkhani ndi uti, mneni wake ali pati, pensulo inayamba kuyendayenda. Inaima pa mneni woyamba amene anakumana naye, chonsecho uyo anali wa kachiganizo kongofotokozera, koyamba ndi "which". Mneni weniweni anali kutali, pamzere wachinayi.

Ife a Chichewa tili ndi mwayi umene sitiudziwa. Timati "munthu amene ndinakumana naye dzulo kumsika wamwalira". Munthu amabwera poyamba, zomufotokoza zimatsatira, ndipo mutu wathu unazolowera kumugwira munthuyo osamutaya mpaka timve chimene chamuchitikira. Chingerezi chimayenda chimodzimodzi. Chitchaina ayi. Zonse zofotokoza dzina zimaunjikidwa kutsogolo kwake, n'kumangidwa ndi kaliwu kakuti "de", dzinalo n'kubwera pamapeto. Ndiye mwana wa kuno akakumana ndi dzina limene likukoka michira itatu pambuyo pake, amasokera pa mchira wachiwiri. Onjezani kuti mneni wa Chitchaina sasintha kuti asonyeze nthawi. Timawu ngati "had" ndi "would have" maso ake amangotidumpha, poti m'chinenero chake kulemera kwa chiganizo sikukhala pamenepo.

Ndipo chiganizo chathu chija mtima wake unali pomwepo. Wolemba sankanena zimene aboma anachita. Ankanena zimene akanachita akanafuna, koma sanachite. Iye anawerenga ngati kuti zinachitika, n'chifukwa chake analakwa.

Tinachidya ngati nzimbe, mfundo ndi mfundo. Ndinamuuza atseke ndi chala kachiganizo ka "which" kaja, awerenge zotsala. Kenako atseke china chimene chinali pakati pa mipatuliro iwiri. Zitatsala zinali mawu asanu ndi awiri okha, osavuta. Ndiye tinabwezeramo zotsekedwa zija chimodzichimodzi, iye akunena m'Chitchaina, ine ndikumva zina, zina ayi, n'kumamupempha abwereze m'Chingerezi chake. Atafika kumapeto anakhala duu, kenako anandiyang'ana.

"Xuejie, ndiye kuti munthuyu wakwiya?"

"Wakwiya ndithu."

"Ndimayesa akungofotokoza."

Anawerenganso ndime yonse payekha, milomo ikugwedera. Anabwerera ku ndime yachiwiri popanda ine kumuuza, napeza kuti mawu amene ankayesa ndi a wolemba anali a mkulu wina wa kampani amene wolembayo ankamutsutsa. Nkhope yake inasintha. Sindikudziwa ndilembe bwanji, koma kwa mphindi imeneyo papepala paja panali munthu amene akumulankhula, ndipo iye ankamumva. Ndinasangalala kwambiri moti ndinaiwala kuzizira.

Kenako anayang'ana foni. Mphindi 25 pa ndime imodzi.

Anandiwerengera bwinobwino. Pepala la Chingerezi ndi la maola 3, malikisi 100. Nkhani zotere zimakhala zinayi, mafunso 20, funso lililonse malikisi 2, onse pamodzi 40. Palinso gawo lodzaza mipata, lina losanja kapena kulumikiza ndime, lina lomasulira ziganizo m'Chitchaina, ndi zimangirizo ziwiri. Iye amadzipatsa mphindi 18 pa nkhani iliyonse. Ana a kuno ali ndi chonena chawo, ati wogonjetsa gawo la kuwerenga wagonjetsa dziko. Ndiye pamenepo ndi pomwe ananena mawu aja, kuti sakufuna kumvetsa.

Ndinayesa kutsutsa. Ndinati amene amamvetsa amathamanga kuposa amene amasaka, kungoti poyamba zimachedwa. Ndinati digiri yachiwiriyo akailowa, adzakhala akuwerenga mapepala a kafukufuku a m'Chingerezi tsiku ndi tsiku, ndipo pansi pake sipadzakhala mayankho anayi oti asankhepo. Ndimawaona anzanga mu labu akuika pepala lonse mu pulogalamu yomasulira, n'kumakangana pa zimene makinawo apotoza.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa, "Inu kwanu munayamba liti Chingerezi?"

Ndinamuuza kuti ngati phunziro, kuyambira sitandade 1, ndipo kuchokera sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa ankakhala m'Chingerezi.

"Masamu omwe?"

"Masamu, sayansi, zaulimi, zonse."

"Mukuona. Inu mukapanda kumvetsa Chingerezi, simukanadziwa sayansi. Ine ndinayamba ndili kalasi yachitatu ku pulayimale, koma palibe tsiku limene ndinafunikira Chingerezi kuti ndidziwe kanthu. Zonse zimene ndikudziwa ndinaziphunzira m'Chitchaina. Chingerezi ndimakumana nacho pa mayeso. Pa gaokao (mayeso olowera ku yunivesite) malikisi 150, pa CET-4 (mayeso a Chingerezi a pa yunivesite) kuti ndidutse 425, pano kaoyan. Kwa ine ndi chitseko basi."

Ndinasowa choyankha. Ndikusowabe.

Chifukwa akunena zoona, ndipo zoonazo zikundipweteka mbali ziwiri. Mbali ina ndikumuchitira nsanje. Munthu kuphunzira chemistry m'chinenero chimene amalankhula ndi agogo ake! Ine ndikukumbukira anzanga a m'kalasi amene ankamvetsa bwino lomwe zinthu aphunzitsi akazifotokoza m'Chichewa pambali, koma papepala n'kugwa. Ndikukumbukira mnyamata wina wa m'mudzi mwathu amene anakhoza masamu ndi physical science bwino kwambiri pa MSCE, koma satifiketi sanaione chifukwa cha Chingerezi chokha, poti popanda icho a MANEB sakupatsa. Kwathunso ndi chitseko, ndipo chatsekera ambiri panja. Ndilibe chifukwa chodzitamira ngati kuti ife tinachiphunzira chifukwa chochikonda.

Koma mbali inayo siikundisiya. Ku sekondale yogonera, buku la nthano limodzi linkazungulira hositelo yonse, chikuto chitachoka, masamba ena omaliza atathothoka, ndipo tinkakanganirana kuti nkhaniyo inatha bwanji. Nyuzipepala ya Loweruka ikabwera ndi mlendo, inkawerengedwa mpaka kufewa ngati nsalu. Palibe ankatifunsa mafunso. Pamenepo m'pamene ndinaphunzira kuti wolemba amatha kunena china akutanthauza china, amatha kuyamba ndi maganizo a mdani wake kuti awagwetse bwino. Zimenezi sizilowezedwa. Ndipo mafunso ovuta kwambiri a mayeso akewa, ofunsa cholinga cha wolemba ndi zimene sananene poyera, amafuna zomwezo. Njira ya timabokosi imakufikitsa pa anayi mwa asanu tsiku labwino. Tsiku loipa, olemba mayeso, amene nawonso amazidziwa njirazi, amaika msampha kutsogolo kwa "however" komweko.

Ndikulemba izi manja akuzizira, ndipo ndaona kuti ndakwiya kuposa mmene nkhaniyi ikuyenera. Mwina ndi nyengoyi. Novembala kwathu ndi kutentha, fumbi, mango, anthu akuyang'ana kumwamba kudikira mvula yoyamba. Kuno 5:30 madzulo kwada kale. Mwinanso ndi chifukwa choti ndinaiona nkhope ija itawala, kenako n'kuzima atangoona nthawi. Chikhala sindinaione, bwenzi ndangomupatsa zimene akufuna n'kubwerera ku ntchito yanga.

Ndipo ndani angamunene? Kaoyan ya olowa mu 2023 inalembetsa anthu 4.74 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti kwathu tinalipo 17.5 miliyoni. Ndiye kuti chaka chimenecho olimbirana malo ngati mwanayu anaposa gawo limodzi mwa magawo anayi a chiwerengero chathucho. Malikisi 2 a funso limodzi akhoza kumudutsitsa kapena kumubweza kuti adikirenso chaka chathunthu. Makolo ake ali kumudzi m'chigawo chomwe chino cha Hubei, ndipo anandiuza kuti sadzamulipirira chaka china chongokhala akuwerenga.

Ndinamupatsa ganizo loti tikumane pakati. Mapepala akale a mayeso, amene kuno amati zhenti, aziwalemba monga mwa njira yake, wotchi ili pambali. Koma madzulo azibwerera ku ndime imodzi yokha, imene yamuvuta kwambiri, popanda wotchi. Apeze mwininkhani ndi mneni m'chiganizo chilichonse chachitali, alembe pambali kuti akulankhula ndi ndani, wolemba kapena munthu wina, kenako anene ndime yonse m'chiganizo chimodzi cha Chitchaina. Akatero aiwerenge mokweza kawiri. Ndinati masabata ochepa atsalawa ndi okwanira kuti maso ayambe kuzolowera kudikira mneni.

Anati, "Chabwino, xuejie, ndiyesa." Ndakhala kuno mokwanira kuti ndidziwe chabwino wa ulemu. Ali ndi ndale zoti aloweze, masamu, ndi pepala la phunziro lake lenileni.

Potuluka anandiumiriza kuti andigulire mbatata yootcha kwa bambo wina amene amaotchera mu mgolo pafupi ndi geti. Inali yofiira m'kati, yotsekemera mpaka kutuluka uchi m'khungu, yotentha moti ndinkaisinthasintha m'manja. Tinadya titaimirira, osakambanso za mayeso. Anandifunsa ngati kwathu iliko, ndinamuuza kuti timamwera tiyi m'mawa, anadabwa.

Posachedwapa foni yalira. Wanditumizira uthenga wothokoza, kenako pempho: ngati ndingamulembere mndandanda wa mawu onse osonyeza maganizo a wolemba, ogawidwa patatu, oyamikira, odzudzula ndi apakatikati, kuti awaloweze. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ndimulembera, chifukwa imuthandizadi. Chimene ndikulimbana nacho n'choti ndiikepo kapena ayi ndime ina imene ndapeza, yaifupi, ya mizere isanu ndi itatu, yoti angondiuza kuti wolembayo akumva bwanji. Akhoza kuiona ngati katundu wina pamwamba pa amene ali naye kale. Akhozanso kuiwerenga chifukwa cha ulemu chabe, zomwe sindikufunanso. Lachisanu ndili ndi lipoti langa kwa aphunzitsi ndipo ma graph sindinawayambe n'komwe. Mndandandawo ndafika pa mawu odzudzula, ndi ochuluka kuposa enawo.