Nanga nsima ikubwera liti?

Atate anabwera ku Lusaka mu Ogasiti 2024 kudzaonetsa maso. Tinkati akhala masabata awiri, koma anatha miyezi inayi, poti diso lachiwiri linayenera kudikira kuti loyamba lipole. Chaka chake ndi chija mvula inakana, madzi n'kuchepa ku Kariba. Kwathu ku Chilenje magetsi ankabwera pakati pa usiku ngati mfiti, n'kuthawa tambala asanalire. Ndikaweruka kuntchito kunali kukoleza mbaula, ndipo pofika Lachisanu zovala zanga zonse zinkanunkha utsi. Ndiye tsiku lina nditalandira malipiro ndinati, "Atate, lero tikadye kunja."

Anandiyang'ana ndi diso losamatidwa lija. "Kunja kuti? Pakhonde?"

Atate ndi mphunzitsi wopuma wa ku Katete, ndipo pa nkhani ya chakudya ali ndi lamulo limodzi lokha: munthu amene sanadye nsima wagona ndi njala, ngakhale atamaliza mphika wampunga yekha. Inenso ndisadzitame. Ndinali nditakhala mumzinda uno zaka 11, koma kudya kunja kwa ine kunali nkhuku ndi tchipisi ku Manda Hill, basi. Ndinkadutsa zikwangwani za malo odyera a Amwenye, Atchaina ndi Alebanoni tsiku lililonse ndili pa basi, osaganizako n'komwe zoti khomo limenelo ndingalowepo inenso.

Tinayambira kwa Amwenye chifukwa ndi amene atate ankati amawadziwa. Makolo a Amwenyewa ambiri anachokera ku Gujarat, ku India, ndipo anafika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Atate anagula njinga yawo yoyamba ku Down Shops, nsalu ya ukwati ya amayi anagulanso komweko, koma pa zaka zonsezo chakudya cha Amwenye chimene analawako ndi samusa yekha. Tinaitanitsa thali, mbale yaikulu yachitsulo yokhala ndi timbale tambirimbiri m'mbali mwake. Atate anatiwerenga ndi chala, n'kunena kuti mwana amene waphika ndiwo zisanu ndi ziwiri tsiku limodzi ndiye kuti mawa kunyumbako kulibe ndiwo. Kenako anaviika chapati m'kambale kachikasu, n'kukhala chete.

"Nambewe, ichitu ndi chipere."

Sananame. Dal ameneyo anali nandolo wosenda makoko, wophika mpaka kusungunuka, monga mmene agogo ankapotera chipere, kungoti Amwenye amakazinga zonunkhiritsa m'mafuta pambali n'kuthira pamwamba pomaliza. Kambale koyera anakatchula chambiko. Tsabola atawafika pakhosi, mtsikana wotumikira anawauza kuti asamwe madzi koma atape chambikocho, ndipo chinathandizadi. Anadya zonse mpaka kupukuta timbale. Atasamba m'manja anakhala tsonga, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Nanga nsima ikubwera liti?" Usiku umenewo ndinakolezabe mbaula nthawi ya 21.

Malo amene ndimafuna kuwafotokoza kwenikweni ndi a anthu a ku Ethiopia. Anatilozera ndi mnzanga wakuntchito, Mbemba, amene monga mbuya wathu sanalephere kuwonjezera kuti tisakafunse mbewa kumeneko. Ndi nyumba wamba yakumayadi, yampanda, kachikwangwani kake kakang'ono koti woyendetsa takisi anakapitirira kawiri. M'katimo munali amuna angapo akuonera mpira akulankhula chilankhulo chawo, ndipo ife tinali eni dziko okha. Mayi mwini malowo anabwera ndi jagi ndi beseni kudzatisambitsa m'manja. Apo atate anayamba kumasuka, poti malo amene amayamba ndi madzi osamba m'manja ndiye kuti kuli anthu.

Anabweretsa thireyi imodzi ya tonse awiri, yoyalidwa chinthu chotuwa, chofewa, chokhala ndi timaenje. Atate anayamba ayesa nsalu yoyalira, kenako anati ndi chifu cha mbuzi. Imeneyo ndiyo injera. Amapanga ndi ufa wa teff, kambewu kakang'ono kwambiri kuposa mawere, ndipo phala lake amalisiya masiku awiri kapena atatu kuti lisase asanalithire pachiwaya. N'chifukwa chake imawawasa. Ine kulawa koyamba ndinakwinya nkhope, ndinkaona ngati yaonongeka. Atate ayi. Anati fungo limenelo ndi la mphale yoviika, ija amayi amainyika m'madzi masiku angapo asanakagayitse ufa woyera, ndipo ife ana a ufa wa m'matumba a m'sitolo ndi amene tinaliiwala.

Pamwamba pa injerayo anaika ndiwo milumilu: doro wat, nkhuku yophikidwa nthawi yaitali mu anyezi wambiri ndi tsabola wosakaniza wotchedwa berbere, ili ndi dzira lowiritsa; shiro, wa ufa wa tchana, wosalala ngati phala; ndi masamba ofanana ndi repu. Supuni palibe. Umang'amba injera, n'kutsinira ndiwo, n'kuika m'kamwa, ndipo pomaliza umadya ndi "mbale" yomwe, imene yamwa msuzi wonse. Mayiyo anatiuza kuti Akhristu a mpingo wa Orthodox kwawo sadya nyama, mazira kapena mkaka Lachitatu ndi Lachisanu, ndiponso m'nyengo zazitali zosala, ndiye ndiwo zopanda nyama anazidziwa kuziphika mwaluso. Shiro uja ndimamulakalaka mpaka lero kuposa nkhukuyo.

Kudyera m'mbale imodzi kunawakumbutsa atate chidyerano cha kumudzi ali mnyamata, pamene nyumba iliyonse inkatumiza nsima kumphala, amuna n'kudyera pamodzi, moti mwana wamasiye sankagona ndi njala. Akufotokoza zimenezi, mwamuna wa mayi uja anabwera, n'kukulunga nthongo yaikulu ya injera ndi dzanja lake, n'kuilozetsa pakamwa pa atate. Kwawo amati gursha, ndipo ndi ulemu waukulu kwa mlendo kapena wamkulu. Kwathu bambo wamkulu wodyetsedwa ndi dzanja la mnzake ndiye kuti matenda afika povuta. Atate anabweza mutu, n'kundiyang'ana, n'kunong'ona kuti, "Wawauza kuti ndikudwala?" Nditawamasulira, anatsegula pakamwa ngati mwana wa mbalame. Kenako nawonso anakulunga yawo, yaikulu kuposa, n'kubwezera. Amuna a mpira aja anaomba m'manja.

Khofi anatitengera ola lathunthu. Mayiyo anakazinga nthanga zake pambaula pamaso pathu, anatizungulitsira utsi wake kuti tinunkhize, anasinja, n'kuwiritsa mumtsuko wadothi wa khosi lalitali, lubani akufuka pambali, chimanga chophulitsa chili m'mbale. Amamwa maulendo atatu, ndipo lachitatu amalitcha baraka, kutanthauza dalitso. Atate, amene moyo wawo wonse amamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga, anafuna kulekera pa kapu yoyamba, koma atamva dzina la yachitatu anati dalitso sakana. Usiku umenewo za nsima sanafunse. Tulonso sanatione. Ndinawamva akutsegula wailesi cha m'ma 3 koloko.

Malo ena tinangodutsamo. Shawarma ya Alebanoni anaikonda, ndipo hummus, ya tchana chopera, anaizindikira kuti muli chitowe, koma anati chimenecho ndi chakudya cha paulendo. Pizza wa kumolo anamudya mwakachetechete mpaka bilu itabwera, pamene anawerengera n'kupeza kuti tikanagula thumba la ufa la makilogalamu 25 n'kutsala ndi ya makala. Sitinabwerereko. Kwa mayi wina wa ku Nigeria anakhuta zenizeni, chifukwa chilazi chosinja chimakhala ngati nsima ndithu, chomenya ndi dzanja, ndipo msuzi wa egusi, wa nthanga zosinja zofanana ndi za maungu, anautcha ndiwo zotendera. Pondu wa anthu a ku Congo sanafune n'komwe kumva dzina lake. Anati chigwada ndi chigwada, ngakhale uchithire mafuta ofiira.

Poyendayenda chonchi ndinaphunzira kasankhidwe ka malo. Ndikalowa n'kupeza kuti eni chakudyacho palibe ndi mmodzi yemwe amene akudya, ndimadziwa kuti tsabola achepetsa, shuga awonjezera, ndipo mtengo akweza chifukwa cha mipando. Malo abwino ambiri amene tinapeza sali m'mamolo. Ali m'nyumba zakale za ku Rhodes Park ndi Longacres, kapena kuseri kwa masitolo, kumene mwini wake amaphikira anthu akwawo osowa kwawo, iwe n'kungokhala mlendo wopezerapo mwayi.

Tsiku lina, pofuna kuwagonjetsa pa mkangano wa nsima, ndinawauza zimene ndinawerenga pa intaneti, zoti chimanga si chathu, chinachokera ku Mexico, ndipo chinafika kuno kudzera mwa Apwitikizi. Anaseka mpaka kugwira bandeji. Anati zimenezo anaziphunzitsa ine ndisanabadwe, pamodzi ndi zoti chinangwa, mtedza, tomato ndi tsabola zonse zinaoloka nyanja kuchokera ku America, ndipo makolo athu nsima yawo inali ya mapira ndi mawere. "Koma chimanga ndi mkamwini," anatero. "Anabwera mlendo, anagwira ntchito, anabereka ana pamudzi. Lero ungamuthamangitse?" Ndinasowa choyankha.

Kwa Atchaina tinapita komaliza, mu Novembala, bandeji yachiwiri itachotsedwa. Atate anali ndi chifukwa chawo. Mkulu wawo, malemu, anagwirako ntchito ku Mpika pomanga njanji ya TAZARA, imene Atchaina anamanga kuyambira 1970 mpaka 1975, makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi. Ankabwera kumudzi ndi nkhani zoti anthuwo amadya ndi timitengo tiwiri, ndipo palibe amene ankawakhulupirira. Tinapita ku Longacres, kumene kuli msika wa Atchaina wogulitsa masamba amene sindinawaonepo pa msika wa Soweto, n'kulowa m'malo ena apafupi kumene mndandanda wa zakudya unali m'zilembo zawo, ife n'kumangoloza zithunzi.

Anatiikira mphika pakati pa tebulo, moto uli pansi, msuzi ukuwira, n'kubweretsa nyama yaiwisi yodula mopyapyala ngati pepala, bowa ndi masamba kuti tiziviika tokha. Atate anafunsa ngati tilipira mtengo wonse pamene ophika ndife. Timitengo tinawakanika, nyama inagwera pamalaya, ndipo anapempha foloko. Mapazi a nkhuku anawalandira ngati m'bale wotayika. Chimene chinawadabwitsa ndi tofu. Iwo amalima soya chaka chilichonse n'kugulitsa kwa mavenda, osadziwa kuti ukamuviika, kumupera, kuwiritsa madzi ake oyerawo n'kuwaundanitsa, pamatuluka chinthu choyera chofewa choti n'kudya ngati ndiwo. Anafunsa kapangidwe kake kawiri, n'kulemba kuseri kwa kapepala kakuchipatala.

Kenako analuma kanjere ka tsabola wa ku Sichuan. Ameneyu sawotcha ngati kambuzi, amachititsa dzanzi milomo ndi lilime. Atate anaika foloko pansi, anagwira tsaya, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Nambewe, mbali imodzi yafa." Mtima wanga unadumpha, mpaka nanenso nditaluma kanga.

Mnyamata amene ankatitumikira anamva zonsezo, ndipo kuseka kunamupulumuka. Anapepesa m'Chichewa chenicheni, chosasakaniza ngati cha m'tauni muno. Atate anaiwala za tsaya. "Kwanu n'kuti, mwanawe?" Anati ku Chadiza. "Mfunda wako?" Anati Phiri. Panatha mphindi khumi akufufuzana midzi ndi mafumu, mphika ukungowira. Mnyamatayo anati wagwira ntchito pamenepo zaka zisanu, amadziwa kukulunga timikate ta nyama ta Atchaina ndi manja awiri, ndipo manambala amawerenga m'Chitchaina. Atate anamuyamikira, kenako anatsitsa mawu n'kufunsa funso lawo lija, lomwe panthawiyi ndinkayesa analisiya.

Mnyamatayo anayang'ana kukauntala, n'kulowa kukhitchini. Anabwera ndi mbale yovundikira, n'kuiika pambali pa atate ngati katundu woba. Munali mitanda iwiri ya nsima yotentha, ya pa mphika umene antchito amadziphikira kuseri masana alionse. Atate anasamba m'manja, anamenya nthongo, anaiboola ndi chala chachikulu, n'kuiviika mumsuzi wa ku Sichuan uja. Tebulo loyandikana nalo, la Atchaina anayi, linasiya kudya n'kumaonerera. Mmodzi anapempha kulawa, ndipo atate anamuphunzitsa kumenya nthongo, monga mmene anaphunzitsira ana a giredi 1 kugwira pensulo.

Anakwera basi ya ku Katete pa Intercity sabata yoyamba ya Disembala, maso onse awiri akuona, m'chikwama muli magalasi atsopano ndi kabotolo ka berbere kamene mayi wa ku Ethiopia anawapatsa. Patatha masiku atatu amayi anandiimbira foni, moni wake wachidule.

"Iwe, ufa wofiira umene atate ako athira m'chiwawa changa ndi chiyani? Ndipo soya yense amene ndinasungira mbewu amuviika m'ndowa, akuti akupanga ndiwo."